Nabwerera ndi Maso a Bambo

Lachinayi, 16 Ogasiti 2007

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi achimwene, alamu ndi timapasa tathu tija. Kuno tonse tili moyo. Bambo akudya kuposa mmene munawasiyira, moti lamba wawo ndachita kumuboola bowo lina.

Mwina mukudabwa kuti ndalemberanji kalata pomwe timayankhulana pa foni sabata iliyonse. Chifukwa chake n'chakuti ndikamayankhula nanu, Bambo amakhala atatchera khutu pakhomo ngati mphaka womvera khoswe, ndiye pali zina zimene sindingathe kunena mwini wake ali pomwepo. Komanso achimwene akhala akundiumiriza kuti ndiwauze mmene foni anatumiza ija ikugwirira ntchito, ubwino wake ndi kuipa kwake, ati akufuna kugulira alamu yangati yomweyo. Ndiye ndati zonse zilowe mu envulopu imodzi. Muwerenge kaye nokha mutakhala pansi, kenako muwapatse achimwene. Musachite mantha, nkhaniyi ikutha bwino.

Inu foniyo simunaione chifukwa achimwene anaitumiza inu musanafike kumeneko, ndipo kuno inafika mutachoka kale. Ndi yonenepa ngati sopo wochapira. Ukaikankha chokweza pamatuluka manambala, ukaikankha chotsitsa pamatuluka mabatani a nyimbo. Kamera yake ndiye musanene, imajambula mpaka ulusi wa pa diresi kuoneka. Achimwene anatumizira Bambo, koma Bambo anangoigwira, kuitembenuza uku ndi uku, n'kundipatsira. Anati, "Tizilembo timeneti n'ta ana. Tenga iwe." Ine ndinalandira ndi manja awiri, osadzifunsa kuti munthu wokonda zinthu zatsopano ngati Bambo wakaniranji mphatso ya mwana wake.

Chimene achimwene ankanyadira kwambiri ndi mapu ali m'katimo. Ati foniyo imamvana ndi masetilaiti ali kumwamba, ndiye imadziwa pamene waima ndipo imakulondolera kulikonse kumene ukufuna. Tsiku loyamba ndinayesera m'shopu mwanga, nditakhala pa makina osokera. Ndinadikira, ndinadikira, iyo n'kumangoti ikufufuza. Ndinamaliza kupinda siketi yathunthu isanandipeze. Nditawaimbira achimwene anaseka, ati pansi pa denga siona, imafuna kunja kopanda chotchinga. Choncho ndinatuluka n'kukaima pakati pa bwalo, dzanja lili m'mwamba ngati mwana wodziwa yankho m'kalasi. Wometa wa shopu yoyandikana nane uja anasiya mutu wa munthu uli theka n'kutuluka ndi lumo m'manja.

"Achemwali, mukupempha mvula kapena mukuimitsa ndege?"

"Ndikufuna foniyi indiuze pamene ndili."

"Zimenezo bwenzi mutangofunsa ine. Muli pakhomo pa shopu yanu."

Anthu onse a pa benchi anafa nacho chiseko. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzanja litayamba kuchita dzanzi, kadontho kanatulukira pa mapu, pamsewu wathu weniweni, pafupi ndi mphambano. Ndinayenda kupita ku mpopi, kadontho kananditsata. Ndinabwerera, nako kanabwerera. Wometa uja anaiwaliratu kasitomala wake, ndipo tonse tinayenda chigulu kuzungulira bwalo tikuyang'ana kadonthoko ngati tikuperekeza mkwatibwi.

Ulendo woyamba unali wokapereka makatani kwa mayi wina wa ku nyumba zatsopano zija, kuseri kwa njanji. Bambo anati andiperekeza. Titafika pa kagalimoto kathu anandiponyera makiyi, ati ndiyendetse ine chifukwa bondo likuwapweteka. Ndinalemba dzina la msewu, kuika foni pafupi ndi chiwongolero, n'kunyamuka. Tisanafike patali, m'galimoto munamveka mawu a mayi wina woyankhula Chizungu chosalala, wodekha ngati namwino, akuti tikhotere kumanzere. Bambo anadzidzimuka mpaka chipewa kugunda denga.

"Ameneyu ndani?"

"Ndi foni, Bambo."

"Akuuza ife njira? Wabwera liti m'tauni muno?"

Inu mukudziwa kuti munthu amene anayendetsa takisi zaka zonse zija salola kuuzidwa njira ndi wina aliyense, ngakhale wapolisi. Anandilamula kuti ndipite molunjika. Ndinamvera bambo wanga. Mayi uja sanakwiye, anangoti tikapeza malo tibwerere. Tinapitirira, iye n'kubwerezanso kuti tibwerere. Kachitatu Bambo anamenya bondo lopwetekalo n'kunena kuti, "Iwe Nabwerera, takhala chete!" Dzina linamera pomwepo. Lero msewu wonse ukumudziwa kuti Nabwerera, ndipo ana akandiona amafunsa kuti a Nabwerera adzuka bwanji.

Tsiku limenelo Nabwerera ndiye anapambana. Msewu umene Bambo ankaudalira anausintha, magalimoto amangochokera mbali imodzi. Tinakumana maso ndi maso ndi basi yaikulu, dalaivala wake akutiwerengera mitundu ya makolo athu pawindo. Ndinabwerera chafutambuyo thukuta lili kamukamu, kenako tinatsata mawu a mayi uja mpaka pageti penipeni pa kasitomala, nyumba imene ndikanaifunafuna mpaka dzuwa kupendeka. Titabwerera kunyumba Bambo anangoti, "Mwayi wa mlendo."

Koma sabata yotsatira zinatembenuka. Tinkapita kukatenga nsalu ku sitolo ina ya kutsidya kwa mtsinje. Nabwerera anatikhotetsa pa kamsewu ka fumbi, Bambo n'kunena kuti, "Mlatho wa kumeneko unachotsedwa kalekale, koma mutsate, tione nzeru zake." Tinamutsata. Msewu unathera pa mpanda wa waya, kutsogolo kuli madzi okhaokha ndi mbuzi ziwiri zikutiyang'ana. Nabwerera, ndi mawu ake aulemu aja, anati tipitirire molunjika. Amayi, chichokereni inu ndinali ndisanamve Bambo akuseka chotero. Anaseka mpaka kutsokomola, akumenya chitseko. "Pitiriratu mwanawe! Adona anena! Mwina galimotoyi imasambira!" Ndinazindikira kuti mapu ali m'katimo ndi akale pena ndi pena. Zina amadziwa kuposa ife, zina anatsalira.

Kuyambira tsiku limenelo anthu awiriwa anakhala ngati mitala. Ulendo uliwonse Bambo ankakwera nawo kuti akatsutsane naye. Akalondola iye, Bambo ankati wabera. Akasochera, nkhani inkafika pa benchi ya wometa ife tisanatsike n'komwe. M'mawa uliwonse ankandifunsa kuti, "Nabwerera wadya?" kutanthauza ngati ndatchaja. Ndipo funsolo linali loyenera, chifukwa mayiyu ndi wadyera. Ukamutchaja m'mawa n'kutsegula mapu, pofika masana batire latha, foni yatentha ngati mbatata yootcha. Mayunitsi nawo amawamwa ngati madzi othira mumchenga. Pakati pa nyumba zitalizitali za m'tauni amasokonezeka mutu, kadontho kaja n'kumadumphadumpha, mwina kukuika pa denga la banki iwe uli pamsewu. Kukachita mitambo ndiye amachita ulesi kudzuka.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera kalatayi.

Bondo la Bambo silinkachira. Tsiku lililonse makiyi ankabwera kwa ine, koma munthu wodwala bondoyo ankayenda wapansi mpaka kumsika osatsimphina. Tsiku lina ndinawaona akuthira tiyi pambali pa kapu, n'kupukuta msangamsanga ndi mkono wa malaya. Nyuzipepala ankaigula ndithu, koma ankati ndiwawerengere chifukwa ati mawu anga ndi abwino. Kenako tsiku lina analowa m'shopu mwanga, kuvula chipewa, n'kupereka moni waulemu kwa chidole chimene ndimayezerapo madiresi. "Mwaswera bwanji mayi?" Chidole chili duu. Anabwerezanso, kenako anandinong'oneza kuti, "Makasitomala ako ena ndi amwano." Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Koma ndikuseka choncho, mtima unandigwa. Zonse zinalumikizana nthawi imodzi: tizilembo ta ana, bondo, tiyi, nyuzipepala. Ndinamvetsanso chifukwa chake ankakonda kukangana ndi Nabwerera. Zikwangwani za m'misewu sankaziona, ndiye mawu a mayi uja ndiwo ankawauza pamene tafika, iwo n'kumayerekeza ndi mapu a m'mutu mwawo.

Madzulo ake tili pakhonde ndinawafunsa mosazungulira.

"Bambo, maso anu akuona bwino?"

"Akuona zimene ndikufuna kuona."

"Mwapereka moni kwa chidole."

"Ulemu sulakwika."

Ndinawauza kuti tipite ku chipatala cha maso. Nkhope inasintha. Anati mnzawo wina wa pa takisi anapita kumeneko akuona pang'ono, n'kubwerako osaona n'komwe. Anati chifunga chimene ali nachocho achizolowera, ndipo bola chifunga kusiyana ndi mdima. Kenako anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Amayi ako usawauze. Ali ndi makanda awiri m'manja, usawasenzetse wachitatu wa imvi." Ndinayesa kuwanyengerera masiku angapo, koma mukuwadziwa amuna anu. Akati ayi, sasintha ngakhale mutabwera ndi gulu la oimba.

Ndiye ndinachita zanga. Ndinaimba ku chipatala kuja, anandiuza tsiku loti tibwere m'mawa. Chipatalacho chili mbali ina ya tauni imene ine sindinapiteko chibadwire, koma ndinati palibe vuto, Nabwerera alipo. Bambo ndinawauza kuti kuli kasitomala watsopano kutali, ndipo ndikufuna ndione ngati iwo ndi Nabwerera agwirizane njira. Anavomera mwamsanga. Ndinawasitira malaya oyera aja, kupukuta nsapato zawo, n'kuika mtolo wa nsalu kumbuyo kwa galimoto kuti bodza langa livale.

Chimene sindinadziwe n'chakuti m'mawa umenewo, ine ndikusita, Bambo anatenga foni n'kupita nayo pa benchi ya wometa kukawamvetsera anzawo nyimbo, ndipo wometayo anajambula nayo aliyense amene anadutsa. Pamene tinkanyamuka, batire linali litatsala kamzere kamodzi, ine osaona chifukwa cha mantha a zimene ndinkachita.

Kunja kunali mitambo, ndiye Nabwerera anachedwa kudzuka. Tinakhala m'galimoto pageti, dzanja langa lili pawindo, Bambo akuimba kamluzu. Nabwerera atadzuka tinanyamuka. Anatidutsitsa bwinobwino pa maroboti, kutsika mlatho waukulu, kulowa m'misewu imene sindinaionepo. Chodabwitsa n'chakuti Bambo sanatsutse ngakhale kamodzi. Anangokhala phee, manja ali pa mawondo. Ine ndinkaganiza kuti agonja.

Tinafika pa raundabauti yaikulu ya misewu yambirimbiri, magalimoto ali piringupiringu. Nabwerera anayamba kunena kuti pa raundabautipo titulukire msewu wa... Basi. Foni inalira kamodzi, galasi lake n'kuda bii. Ndinaigwedeza, ndinaikankha chokweza, chotsitsa, ndinaipempha ndi mawu okoma. Zii. Ndinazungulira raundabauti ija ndikuyembekeza kuti ndiona chikwangwani. Ndinazunguliranso. Wogulitsa nyuzipepala wa pamenepo anayamba kutiimikira dzanja tikamadutsa ngati abale ake.

"Kodi tizungulira mpaka mafuta athe?" Bambo anafunsa.

Ndinatulukira msewu umene unali pafupi n'kukaima pamalo omwetsera mafuta. Nthawi imene anatipatsa ku chipatala inali itayandikira, ine njira osaidziwa, ndipo kufunsa munthu pawindo kukanaulula zonse. Misozi inayamba yokha.

"Nabwerera wako wakomoka?"

"Batire latha, Bambo."

"Ndiye kasitomala wakoyo akhala kuti? Tchula msewu, ndikulondolera."

Bambo anavula chipewa n'kuchiika pa bondo.

"Mwanawe, chiyambire kukuperekeza, unayamba wandisitirapo malaya kuti tikapereke makatani? Nsapato zanga unayamba wazipukutapo? Ndipo njira imene mayiyu watidutsitsa, kutsika mlatho n'kukhotera kumanja pa tchalitchi, ndanyamulapo odwala maso osawerengeka. Ndinadziwa tisanatuluke pageti."

"Nanga bwanji simunakane?"

"Ndimadalira Nabwerera. Ndimati atisocheretsa monga mwa masiku onse, tikathera kwa mbuzi zija, ine n'kubwerera kunyumba wosalakwa. Koma taona, lero lokha ndiye walondola njira yonse."

Ndinaseka ndikulira, mamina ndi misozi pamodzi. Kenako ndinawauza kuti, "Bambo, ine njira ya kutsogolo sindikuidziwa, ya kunyumbanso sindikuidziwa. Amene akudziwa zonse ziwiri ndinu. Kumene munene, ndipita komweko, ndipo sindidzakunamizaninso."

Wothira mafuta anabwera, kutiyang'ana, n'kubwerera. Ndinkaona chala cha Bambo chikuzungulira m'mphepete mwa chipewa. Kenako anafunsa motsitsa mawu, osandiyang'ana.

"Akakandigoneka pa bedi paja, iwe ukakhala pati?"

"Pamene akandilole kufika. Akakandithamangitsa, ndikaima pakhomo."

Anavala chipewa. "Liza galimoto. Ubwerere pa raundabauti paja. Iwe uzindiuza zimene ukuona, ine ndizikuuza kokhotera."

Ndi mmene tinayendera. Ine ndinkatchula: sitolo ya matayala, sukulu ya mpanda wobiriwira, nyumba yosanja yopanda mawindo. Iwo ankayankha: pitirira, khotera kumanzere, chepetsa liwiro pali chitunda. Ndipo chitunda chinalipodi. Pena anandiuza kuti ndikhote pa mtengo waukulu, koma mtengowo anaudula, pali shopu ya mafoni. Tinapitirira mpaka kukafika ku malo ogulitsira matabwa. Bambo anakhosomola n'kunena ndi mawu aulemu, otsanzira mayi uja, "Mukapeza malo, bwererani." Tinafunsa mayi wina wogulitsa maluwa, anatilozera, ndipo tinalowa pageti la chipatala titachedwa pang'ono, tonse tikuseka ngati tikuchokera kokasewera.

Dokotala anali mayi wachitsikana, wamsinkhu wanga. Bambo atangomva mawu ake anandikoka malaya n'kunong'ona kuti, "Kodi masiku ano akazi onse a mawu odekha apangana zondilamula?" Dokotalayo anamva, anaseka, ndipo kuyambira pamenepo anagwirizana. Anawaunika ndi makina, kuwathira mankhwala m'maso, kuwaonetsa zilembo zazikulu ngati chitseko zimene Bambo anaziwerenga mongopeka. Pomaliza anati ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo n'zochotseka. Anawafotokozera bwinobwino mmene amachitira, ndi zimene zingavute, osabisa. Bambo anafunsa za mnzawo uja. Dokotala anati sangadziwe chimene chinachitika kwa munthu amene sanamuone, matenda a maso ndi ambiri, koma awo akuwaona ndi maso ake ndipo ali ndi chikhulupiriro. Bambo anati, "Chabwino. Muyambe ndi lamanzere, ndi limene limandinamiza kwambiri."

Opaleshoni inachitika Lachiwiri la sabata yatha. M'mawa wake Bambo anadzisitira okha malaya, kolala n'kuipsereza pang'ono. Anandilola kuwagwira dzanja mpaka pakhomo la chipinda, ndipo dzanjalo linali lozizira ngati lochokera m'madzi. Ndinakhala pa benchi ndikupemphera mapemphero onse amene munandiphunzitsa, ena ndikuwasakaniza. Ndisanamalize n'komwe, ndinaona akuwatulutsa pa njinga ya odwala, diso lili ndi bandeji, akuuza namwino kuti akukankha molakwika, pokhota amayenera kuyamba wachepetsa liwiro.

Tsiku lotsatira tinabwerera kukachotsa bandeji. Nabwerera ndinamutchaja mokwanira, koma sanafunike, njira ndinali nditaidziwa. Dokotala atachotsa thonje la pa diso, Bambo anaphethira, kuphethiranso, misozi ikutsika. Anayang'ana khoma, anayang'ana manja awo, kenako anayang'ana dokotala n'kunena kuti, "Aa! Ndinu mwana chonchi? Ndikanadziwa sindikanagona pa bedi paja." Atatembenukira kwa ine sananene nthabwala. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundigwira tsaya. Anati, "Wawonda iwe. Ndakuvutitsa eti?" Ndinangowagwira dzanja.

M'galimoto anati ndiwapatse foni. Anaiyang'anitsitsa, kuikankha uku ndi uku, n'kuona kadontho kaja kakuyenda pa mapu koyamba. "Kanthu kakang'ono ngati kameneka ndi kamene kakhala kakundilalatira miyezi yonseyi? Nanga mwini wake mawuyo ali pati?" Anakhumudwa ndithu kuti mulibe chithunzi chake. Njira yonse ankawerenga zikwangwani mokweza ngati mwana woyamba sukulu, mpaka za mankhwala a mano. Titafika kunyumba chisangalalo changa chinachepa pang'ono, chifukwa diso latsopanolo linayamba ntchito nthawi yomweyo: akangaude kudenga, fumbi pa kabati, makatani a pabalaza ati ndi osagwirizana ndi mipando. Kwa wometa anakauza mwini wake kuti miyezi yonseyi wakhala akuwameta mokhota. Chidole chija anapita kukachipepesa.

Panopa akuthira mankhwala m'diso monga anawauzira, akuvala magalasi akuda, ndipo akuyenda m'msewu ngati woimba wotchuka. Dokotala wawaletsa kunyamula zolemera, kuwerama ndi kuyendetsa galimoto mpaka atawaonanso. Zoyamba ziwirizo akumvera mokondwa.

Achimwene, poti pofika apa kalatayi ili m'manja mwanu: foni yanu ndi yabwino, zikomo kwambiri. Yandifikitsa pa makomo ambiri amene ndikanasochera, makasitomala achuluka chifukwa ndimawaonetsa zithunzi za madiresi, ndipo yawapatsa Bambo mnzawo wokangana naye pamene nyumba inali zii. Alamu muwagulire, koma muwauze kuti asamaikhulupirire ngati Baibulo. Pafupi ndi mtsinje azitsegula maso awo, m'nyumba asayembekeze kuti iwapeza, ndipo asachoke pakhomo osaitchaja. Ngati kumeneko kumapezeka tchaja ya m'galimoto ndi batire lapadera, munditumizireko. Ndipo akakhalapo Nabwerera woyankhula chinenero chathu, Bambo ati mubwere naye, akufuna amve ngati angawayankhe mwaulemu womwewo.

Amayi, ndikudziwa kuti mukwiya poti sitinakuuzeni. Kwiyani ndithu, koma mugawe bwino, gawo lalikulu lipite kwa amuna anu. Diso lachiwiri adzachita kumapeto kwa mwezi wamawa. Ine ndikhoza kuwaperekeza ndekha monga poyamba, palibe chovuta, ndipo sindikufuna kuti musiye alamu ana asanalimbe. Koma dzulo madzulo tili pakhonde, Bambo anafunsa ngati ndikukulemberani. Nditavomera anati, "Uwauze kuti nyumba ili bwino, asadere nkhawa." Patapita kanthawi anawonjezera kuti, "Diso lamanzereli latsegukira dokotala. Lamanjali ndikanakonda litatsegukira amayi ako. Papita zaka ndikuwaona ngati ali kuseri kwa katani, ndipo sindinawauze." Atatero anadzuka msangamsanga n'kunena kuti zimenezo ndisalembe, n'zachibwana.

Ndiye sindinalembe, Amayi. Inu simunawerenge chilichonse.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu. Timapasato mutipsompsone m'malo mwanga, ndipo mutiuze kuti agogo awo aamuna tsopano akutha kusiyanitsa wina ndi mnzake pa chithunzi, ngakhale akuti onse afanana ndi iwo. Wometa akupereka moni, amayi a nyumba yoyandikana nafe akupereka moni, ndipo anzanu a kwaya akufunsa za inu Lamulungu lililonse. Mukaganiza zobwera, mungondiuza tsiku ndi basi imene mukwere. Tidzabwera tonse awiri kudzakuchingamirani, ndipo wa magalasi akuda amene adzakhale ataima kutsogolo kwa anthu onse, akunamizira kuti wangodutsa, mudzamudziwa.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi wokusowani,

Telala wanu